Sopo pa Lamba wa Injini

Fakitale yolumikiza magalimoto itatseka zitseko m'zaka za m'ma 1990, ife tonse a maovolosi tinabalalika mu Livingstone ngati nyerere zothiridwa madzi otentha. Ena anapita ku Lusaka, ena anayamba kugulitsa zosema kwa alendo ku mathithi, ena anangolowa mowa mpaka unawatenga. Ine ndinanyamula bokosi langa la masipanala n'kukakhala pansi pa mtengo kuseri kwa msika wa Maramba, pomwe maminibasi ankatembenukira. Ndinali wamatama, ndivomere. Anzanga a pansi pa mtengowo anaphunzira umakaniko pongoonerera, ine ndinachita kuphunzitsidwa ndi anthu a mabuku, ndipo sindinkalola kuti munthu aiwale zimenezo.

Chimene tinkakanganirana kwambiri chinali lamba wa injini. Kutsogolo kwa injini za masiku amenewo kunkakhala timagudumu titatu tachitsulo ta ngalande pakati, timene timati mapule. Pule yaikulu ya pansi imazunguzidwa ndi injini, ndipo lamba amatenga mphamvuyo n'kuipereka kwa ziwiri zinazo, ina ya magetsi, ina ya pampu ya madzi imene imanyamulanso fani. Lamba akayamba kulira tswii, anzangawo anali ndi mankhwala awiri. Ankalowetsa chitsulo chochotsera matayala n'kukoka lambayo mpaka aume gwa, kenako ankatenga sopo wobiriwira wochapira uja n'kumugunditsa pa lamba injini ikulira. Phokoso linkatha pompo, dalaivala n'kumwetulira, ulendo.

Ine zimenezo zinkandipsetsa mtima zedi. Ndinkawauza kuti sopo sachiritsa kanthu, amangotseka wodwala pakamwa, ndipo lamba womangitsa amadya beringi, timipira tachitsulo timene pule imazungulirapo. Njira yake ndi yosavuta. Zimitsa injini, gwira fani ndi manja awiri, igwedeze. Ikachita gwedegwede, ndiye kuti vuto si lamba koma pule ya pampu ikufa, ndipo ikafa madzi amaleka kuyenda, injini n'kuwira. Ndinalalikira zimenezi mpaka anandipatsa dzina loti abusa.

Mkazi wanga anali Mlozi, ine Mchewa wa ku Katete. Abale ake sanandikane, komanso sanandilandire ndi manja awiri. Akakumana ankathamangitsa Chilozi, ine n'kumangoseka pomwe ena aseka ngati chitsiru cha pa ukwati. Amene ankandikonda mosabisa anali apongozi anga, mayi ake a mkazi wangayo. Anabwera kudzakhala nafe ku Dambwa North miyendo itayamba kuwatupa, ndipo madzulo ndikamaweruka ankandisungira madzi ofunda osambira m'manja, ngakhale mwana wawo ankawaletsa kuti asamadzivute. Tauni sankaifuna m'pang'ono pomwe. Amuna awo anagona kumudzi kupitirira Sesheke, kufupi ndi mtsinje, ndipo iwo ankafuna kukagona pambali pawo. Sabata yawo yomaliza anandiitana kuchipinda, mkazi wanga ali pomwepo.

“Imwe muli na manja ya motoka,” anatero ndi Chinyanja chawo chothyokathyoka. “Mukanipeleke kwathu. Osanisiya kuno.”

“Nizakupelekani, amai,” ndinayankha. Ndinalonjeza ndi mtima wonse, ndipo mkazi wanga anandiyang'ana ndi maso amene ndinali ndisanawaonepo chikwatiranire.

Apongozi anga anamwalira Lachinayi, mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Livingstone likuwotcha mpaka phula kumata ku nsapato. Akuluakulu a banja anagwirizana kuti tinyamuke Lamlungu m'mawa. Uthenga unapita kumudzi pa wailesi kuti akumbe manda, mtembo ufika tsiku lomwelo. Galimoto inali ya mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, vaneti yakale imene ankanyamulira nsomba zouma.

Loweruka masana mlamuyo anabwera nayo vanetiyo pa nyumba ya maliro. Amayi a ku tchalitchi anali pakati pa nyimbo, ndiye galimoto ija n'kulowa pabwalo ikulira tswii, tswii, mpaka nyimbo inaduka. Anthu onse anacheuka. Amalume a mkazi wanga, amene ankatsogolera mwambo wonse, anali munthu wamtali wosakweza mawu, koma mawu akewo ankalasa. Anandikodola.

“Ba pongozi,” anandiitana motero anthu akumva, “si ndimwe ba makanika mu banja muno? Manje motoka ya malilo izilila monga nkhumba? Tiyende nayo so kumunzi, bantu batiseke?”

Ndinatsegula boneti manyazi atandigwira. Ndinamuuza mlamu kuti azimitse injini, ndinagwira fani ndi manja awiri, n'kuigwedeza. Gwedegwede. Ndinagwedezanso, mwina manja anga anama. Pansi pa pampu panali kamzere ka dzimbiri pomwe madzi ankadontha pang'onopang'ono. Pule imeneyo inali itatsala madzi amodzi.

Ndaganizira mphindi zimenezo zaka zonsezi, ndipo sindingathe kunamizira umbuli. Ndinkadziwa. Masitolo a zipangizo anali atatseka kale chifukwa linali Loweruka masana, ndipo pampu ya mtundu umenewo sikanapezeka Lolemba lisanafike, mwinanso Lachiwiri. Chimene ndinayenera kuchita chinali kuwongoka n'kunena kuti galimoto iyi sifika, tidikire kapena tifune ina. Mawu ake ndi ochepa, mwana angawanene. Koma ndinatukula mutu n'kuona amalume ataima chapafupi manja ali kumbuyo, azibale onse akundiyang'ana, ndi mkazi wanga ali pakhonde maso atatupa. Ndinaganiza za manda okumba kale kumudzi. Ndinaganizanso, ndipo ichi ndiye chimandiwawa kwambiri, za mmene akananenera m'Chilozi chawo kuti mkamwini wa ku Katete walephera ntchito imodzi yokha imene anamupatsa. Ndiye ndinayamba kudzinyengerera. Ndinati ndinaonapo mapule ogwedera akuyenda mwezi wathunthu, ndipo ku Sesheke si kumwamba.

Ndinapempha chitsulo cha matayala, ndinakoka lamba uja mpaka anauma gwa. Kenako ndinapita kwa mayi wina amene ankatsuka mbale kuseri n'kumupempha kachidutswa ka sopo. Mlamu analiza injini, ine n'kugunditsa sopoyo. Phokoso linatha ngati wachita kulidula ndi mpeni.

Amalume anaomba m'manja pang'onopang'ono mwaulemu wa kwawo. “Mwaona,” anauza anthu, “na ba ku Katete baziba nchito.” Anthu anaseka chapansipansi, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinamva kukoma.

“Ba mulamu, izafika?” mlamu anandifunsa potseka boneti.

“Izafika che,” ndinatero.

Tinanyamuka Lamlungu m'mawa. Bokosi la maliro linali kumbuyo, litazunguliridwa ndi mkazi wanga ndi amayi anayi a ku tchalitchi, pamodzi ndi zigubu ziwiri za madzi. Kutsogolo tinali atatu, mlamu pa chiwongolero, amalume pawindo, ine pakati, maso anga ali pa kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini. Amene sanayende msewu wa ku Sesheke m'zaka zimenezo sangamvetse. Phula linali litangotsala zigamba, maenje ake oti mbuzi n'kubisalamo, ndipo malo ambiri madalaivala ankasiya msewu n'kumayenda mumchenga m'mbali mwake. Mumchenga injini imalira kwambiri, ndipo ikalira kwambiri lamba womangitsa amakoka pule mwankhanza. Pa dzenje lililonse limene tinagweramo ndinkayang'ananso kamuvi kaja.

Titapitirira mphambano ya ku Kazungula ndinayamba kumva kaphokoso kena, khwerekhwere, kapansipansi, pansi pa nyimbo za amayi aja. Mlamu sanakamve, amalume ankasinza. Apanso ndikanatha kunena kuti tiime, tibwerere, tidakali pafupi. Ndinangomanga zibakera pamaondo n'kumapemphera kuti chitsulo chindimvere chisoni.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu kunamveka kuphulika kutsogolo, ndipo nthunzi inabuka m'mbali mwa boneti mpaka msewu osaoneka. Amayi anakuwa kumbuyo. Nditatsegula ndinapeza zimene ndinkayembekezera. Beringi inali itaphwasuka, pule itapendekeka, lamba ataduka, fani itakanda radiyeta yoziziritsa madzi n'kuiboola malo atatu. Pofulumira ndinagwira chitsulo chotentha, ndipo khungu la m'chikhatho changa cha kumanja linatsalira pomwepo.

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa, ndi zimene ndinkanyoza zomwe. Mabowo a radiyeta ndinawafinya ndi pulayala. Mkazi wanga anang'amba chitenje chake, ndinachipota kukhala chingwe n'kuchikoleka m'malo mwa lamba, koma pule yopendekeka inachitaya injini itangolira. Tinayesa kuyenda popanda pampu, pang'onopang'ono, kuima, kuthira madzi, kuyendanso. Sitinafike patali. Injini inkawira, madzi a m'zigubu anatsala oti n'kumwa basi, ndipo amalume anati tileke tisanaphe anthu amoyo ndi ludzu.

Chakumasana kunadutsa lole yopita ku Livingstone, ndipo mlamu anakwera kuti akafune pampu. Ife tinatsitsa bokosi n'kuliika pansi pa mtengo wa tsanya. Mtengo umenewo ndi wouma mtima, dzuwa likakula umapinda masamba ake, mthunzi wake n'kukhala wongonamizira. Amayi ankanyowetsa chitenje ndi timadzi tochepa n'kufunditsa bokosilo, koma chinkauma nyimbo imodzi isanathe.

Magalimoto opita ku Sesheke anali osowa. Basi imodzi inadutsa yodzaza mpaka pakhomo, sinaime n'komwe. Lole ya matumba a ufa inaima, dalaivala anatsika bwinobwino, koma ataona bokosi anabwerera m'mbuyo.

“Awe, ba tate, pepani maningi,” anauza amalume. “Chitumbi pamwamba pa unga ya bantu? Ba bosi banganichose nchito. Pepani.”

Amalume anamuchonderera mpaka kugwada, munthu wamkulu ngati uja, maondo mumchenga wotentha. Dalaivalayo anatisiyira botolo la madzi n'kumapita. Sindinamude. Munthu amene ndinkadana naye pamalopo anali mmodzi yekha, ndipo anali atavala malaya anga.

Tinagona pomwepo. Kutacha Lolemba mlamu sanaoneke, ndipo dzuwa linatuluka laukali kuposa dzulo lake. Cha m'ma teni ntchentche zinayamba kubwera, zazikulu zobiriwira zija. Amayi a ku tchalitchi anasuntha pang'ono, patapita nthawi anasunthanso, mpaka anakakhala pansi pa mtengo wina, nsalu zili pamphuno, ndipo nyimbo zinatha. Mkazi wanga yekha ndi amene anatsala pambali pa bokosi, akuingitsa ntchentche ndi kanthambi, akuyankhula ndi mayi ake m'Chilozi motsitsa mawu ngati akutonthoza mwana. Ine ndinalowa pansi pa vaneti ndi sipanala n'kumagogoda zitsulo zimene zinalibe vuto. Kunalibe chokonza kumeneko. Ndinkangothawa nkhope yake.

Chapatali pang'ono ndi msewu kunali kamudzi ka nyumba zowerengeka. Anthu ake anatibweretsera madzi ndi chakudya, ndipo masana bambo wina wachikulire wa m'mudzimo anakhala pansi ndi amalume n'kukambirana nthawi yaitali. Ndinamva mawu ochepa, koma manja awo ankaloza kuthengo, ndipo ndinadziwa chimene akupangana. Amalume anapita kwa mkazi wanga, anagwada pambali pake n'kumuuza. Iye anakana. Anakuwa mawu amene sindinawamvepo m'kamwa mwake, akumenya bokosi ndi chikhatho, akuti mayi ake ananena, ananena pamaso pa anthu. Kenako anadzuka n'kubwera pa galimoto, anawerama n'kundiyang'ana pansi pomwe ndinagonapo.

“Imwe, chokani uko,” anatero. Ndinatuluka. “Nikambileni zoona. Iyi motoka izanyamuka lelo?”

“Awe.”

“Mailo?”

“Siniziba.”

Anandiyang'ana kanthawi, anayang'ana dzanja langa lotupa lija, n'kubwerera kwa amalume. Sanakuwenso. Ndinamuona akugwedeza mutu kuvomera.

Tinawaika apongozi anga Lolemba madzulo, kumapeto kwa manda a anthu amene sitinkawadziwa ngakhale maina. Dothi la kumeneko ndi mchenga wokhawokha, ukakumba umagumukira momwemo, ndipo dzenje linatenga nthawi. Ndinalanda fosholo kwa mwini wake n'kukumba ndi dzanja lopsalo mpaka matuza anaphulika, chogwirira chonse magazi. Anthu ankati ndipume, ndinakana. Iwo ankaona ngati ndi chikondi, koma ine ndinkafuna chinachake chindipweteke. Potsitsa bokosi amuna ena anamanga mipango kumaso. Mawu a Mulungu anawerenga mayi mmodzi wa ku tchalitchi, mothamanga, chifukwa panalibe amene akanapirira nthawi yaitali.

Titakwirira, amalume anaimirira kuti athokoze eni mudzi. Atatha anatembenukira kwa ine, n'kuyankhula m'Chinyanja kuti ndimve bwino.

“Aba bapongozi basebenza monga mwana wa mu nyumba. Onani kwanja yao. Motoka ni chinsimbi chabe, ingafe nthawi iliyonse, palibe wamene angazibe. Kuchoka lelo, aba ni mwana wathu.”

Onse anaomba m'manja mwa kwawo, akuwerama. Chinthu chimene ndinachifunafuna zaka zonse za ukwati wanga anandipatsa pamanda amenewo, ndipo ndinachilandira. Ndinathyola khosi n'kuomba m'manja nanenso. Sindinadzidepo ngati tsiku limenelo.

Mlamu anafika Lachiwiri m'mawa ndi pampu yakale imene anaichotsa pa galimoto ina yakufa, ndi lamba watsopano. Atamva kuti mayi ake tawaika kale, anakhala pansi pakati pa msewu n'kulira ngati mwana. Ine ndinamasula mabawuti, ndinachotsa pampu yakufayo, ndinaika inayo, ndinakoleka lamba n'kumumanga mwa muyezo wake, woti ukadina ndi chala alowe pang'ono. Ntchito yonse, ndi dzanja limodzi, sinakwane ola. Tinatembenuza galimoto kuloza ku Livingstone, ndipo injini inayenda bwinobwino njira yonse. Pambuyo pake tinamva kuti kumudzi anadikira masiku awiri, kenako anakwirira dzenje lopanda munthu pambali pa manda a apongozi aamuna.

Mkazi wanga sanandifunse kanthu. Tinakhala limodzi zaka zina zingapo, akundiphikira, akundichapira maovolosi, akundidzoza mankhwala padzanja mpaka linapola. Koma kuseka kwake kunachepa, ndipo m'nyumba mwathu munalowa ulemu wambiri, wonga wa anthu ongokhala moyandikana. Chaka chilichonse mvula isanagwe ankakwera basi yekha, n'kukatsika pamalo opanda chikwangwani paja kukasesa manda. Kangapo ndinakonzeka kumuuza zoona. Ndinkayamba ndi kutsokomola, iye n'kundiyang'ana, ine n'kufunsa ngati makala atsala. Pansi pa mtengo ku Maramba ndinaleka kulalikira, ndipo anzanga ankandiseka kuti abusa apuma pa ntchito.

Chakumapeto kwa zaka zimenezo iye anadwala chifuwa chimene sichinamve mankhwala. Anaonda mpaka ndinkamunyamula ndi dzanja limodzi pomusinthira zofunda. Tsiku lina masana mlamu anabwera kudzamuona, ndipo potuluka anandikokera pakhonde n'kuyamba kunena, mozungulira, kuti zikavuta banja likufuna kuti mlongo wake akagone kumudzi pafupi ndi bambo ake, vaneti ilipo. Zenera linali lotsegula. Nditalowa ndinamupeza ali maso.

“Nabamvela ba kalongosi banga,” anatero. “Ine munishike mu manda ya kuno mu tauni. Osanikweza motoka.”

Ndinakhala pamphepete pa bedi. Ndinati asade nkhawa, ulendo uno ndidzaiona ndekha galimotoyo, chitsulo chilichonse, ndidzaikonza bwino.

“Niziba kuti muziba kukonza,” anatero, mawu ake ali phee, opanda mkwiyo. “Na siku ija munali kuziba. Ninali pa khonde pamene munagwedeza fani. Ninaona nkhope yanu.”

Ndinamufunsa chifukwa chake sananene zaka zonsezi.

“Ninali kuyembekeza kuti mukambe mweka,” anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Ndinanena pamenepo, zonse, kuyambira pa boneti mpaka pa kaphokoso ka pa Kazungula, ndikuyankhula ndi msana wake. Sindikudziwa ngati anamva mpaka kumapeto, chifukwa mpweya wake unali utasintha ngati wa munthu wogona. Anamwalira patapita masiku anayi osabwererakonso ku nkhaniyo. Tinamuika m'manda a m'tauni monga ananenera, kutali ndi bambo ake, kutali ndi mayi ake.